Nkhoswe ya M'ndege

Mu Ufumu wa Indebwana wamkulu sauzidwa. Limeneli si lamulo lolembedwa, pakuti palibe amene anaonapo chifukwa cholembera chinthu chimene ngakhale mwana wa kumsana amachidziwa. Wamkulu akavala malaya motembenuza, anthu amayamikira telala. Akasochera, apambuyo amatsatira, ndipo akafika kumene sanalinge amagwirizana kuti kumeneko nkumene kunali koyenera. Dziko linayenda motero kuchokera pa Mfumu Salakwa Woyamba mpaka pa Salakwa Wachinayi, ndipo poti ulendo wake unali wapansi, ovulala anali ochepa.

Enelesi Kamtsitsi anakulira m'mwambo umenewu ndipo sankadana nawo. Kwa zaka zisanu ndi zitatu anakhala pa mpando wa kumanja wa ndege imodzi yokha ya ufumuwo, ngati wachiwiri kwa woyendetsa wamkulu, Kaputeni Gwedeza, amene analinso atsibweni a Mfumu. Ndegeyo inali yakalekale, ndipo anthu ankaitcha Chigayo chifukwa cha phokoso lake. Chigayo chinali chofatsa, chosathamangira kanthu. Kaputeni akaiwala china, Enelesi ankatsokomola. Akapanda kumva, ankatsokomolanso uku akupukuta ndi chala galasi la kachipangizo kamene kanali ndi nkhaniyo. Kaputeni ankayang'ana, kuzindikira okha, nkukonza, ndipo akatera ankamugulira mankhwala a chifuwa. Onse awiri ankadziwa zimene zinkachitika, koma palibe anazitchulapo.

Chaka chimene Mfumu inakwanitsa zaka khumi pampando, inagula ndege yatsopano, ya jeti, yoyera mbee, yonyamula anthu makumi asanu ndi awiri. Anaibweretsa ndi ogulitsa eni ake, amene anatsika, kujambulitsa ndi nduna, nkubwerera kwawo. Ndegeyo inakhala pabwalo miyezi isanu, itaphimbidwa kumaso, yosalankhula ndi munthu, mpaka anthu a mumzinda wa Mwakhoza anaitcha Mkwatibwi.

Vuto linali pepala. Maiko oyandikana nawo ananena kuti laisensi yoyendetsera ndege si khasu loti nkulimira munda uliwonse. Mtundu uliwonse wa ndege uli ndi chiphaso chake, ndipo onse awiri okhala kutsogolo, wamkulu ndi wachiwiri wake yemwe, ayenera kuchipeza: masabata asanu ndi limodzi a maphunziro, kenako mayeso. Bwalo la nduna linayamba layesa njira yachidule. Linalamula kuti kuyambira tsiku limenelo Mkwatibwi azitchedwa Chigayo, poti chiphaso cha Chigayo anali nacho kale, ndipo linatuma wolemba zikwangwani kukalemba dzinalo pamchira. Maiko aja anayankha kuti awerenga, zilembo zake ndi zokongola, koma ndegeyo asaione m'mlengalenga mwawo.

Motero Kaputeni Gwedeza ndi Enelesi anatumizidwa ku dziko la Kwaeni kukaphunzira. Anatsagana nawo a Mwanenadi, Nduna ya Miyambo ndi Zamumlengalenga, kuti akaonetsetse kuti alendo sakuphunzitsa zosayenera.

Ku Kwaeni samuyambitsa munthu pa ndege yeniyeni. Ali ndi chibokosi choima pa miyendo yachitsulo, chimene mkati mwake muli zonse za kutsogolo kwa ndege: mipando, ziwongolero, mabatani, ndi mawindo oonetsa mitambo ndi mapiri abodza. Chimapendekeka, chimagwedezeka, ndipo mukalakwitsa chimakuphani, kenako mumatuluka kukamwa tiyi. Za mabuku Enelesi sanavutike nazo. Injini, mafuta, magetsi, zonse anazimeza. Koma tsiku lachinayi m'bokosimo, mphunzitsi wawo, bambo wamfupi wosaseka, ananong'oneza Kaputeni kuti potera atsitse dala ndege kupyola muyeso, aone chimene wachiwiri achite.

Enelesi anaona manambala akutsika. Anatsokomola. Anatsokomolanso, natambasula chala kuti apukute galasi, koma chala chisanafike bokosi linagunda, mawindo anafiira, zonse zinazima.

"Mayi Kamtsitsi," anatero mphunzitsi uja, "munaona kuti mwatsika kwambiri?"

"Ndinaona."

"Ndiye munachitapo chiyani?"

"Ndinatsokomola."

Mphunzitsiyo analemba mawu amenewo m'buku lake, nawayang'ana kanthawi. "Pamene mukutsokomola kamodzi, ndege iyi yadutsa mabwalo a mpira awiri. Kuno timati mukaona cholakwika muchinene, mwachidule, mokweza. Akapanda kumva munenenso. Akapanda kumvanso, mutenge ndege m'manja mwawo. Ntchito ya mpando umene mwakhalapowo ndi imeneyo. Popanda zimenezi chiphaso sindisainira."

Mawa lake Enelesi anayesa kulankhula. Anati, "Pepanitu a Kaputeni, mwina ndi maso angawa, koma ndimati," ndipo anafera pa "ndimati" pomwepo. Tsiku lina anafika mpaka pa "ngati sindikulakwitsa". M'masabata atatu anafa kakhumi ndi kamodzi, kasanu paphiri, kanayi m'munda wa chimanga, kawiri pa mpanda wa bwalo la ndege. Si kuti sankafuna. Mawu ankafika pakhosi nkukana kutuluka, pakuti pakamwa pamene panaleredwa zaka makumi atatu ndi zinayi sipasintha chifukwa cha bokosi.

Masana ena, akudya m'kantini nduna itapita kukagula nsapato, Kaputeni anaika supuni pansi.

"Mwananga," anatero, "ine ndatopa kufa. Uzingonena."

Lachiwiri lotsatira manambala anayambanso kutsika. Enelesi anatseka chibakera pabondo nati, "Tatsika kwambiri. Kwezani." Kaputeni, monga anauzidwa, anakhala ngati sanamve. Enelesi ananenanso. Kenako anagwira chiwongolero nati, "Ndege ndatenga." Bokosi linadzuka, phiri labodza linadutsa pansi pawo, ndipo kwa nthawi yoyamba anatuluka amoyo. Enelesi anachita manyazi ngati wamenya bambo ake pagulu, koma pansi pa manyaziwo panali chimwemwe chimene sanachidziwepo chibadwire. Chiphaso anachilandira Lachisanu la sabata yomaliza.

Chimene onse anaiwala nchakuti Lachiwiri lija a Mwanenadi anali atakhala pa kampando ka kumbuyo m'bokosimo, ndipo anamva zonse.

Bwalo la nduna linakumana patangotha masiku awiri chibwerereni. Mfumu inakhala pa mpando wake wa chikopa, nduna zinandanda mbali zonse, Enelesi anagwada kumapeto kwa mkeka.

"Mwini dziko," anayamba a Mwanenadi, "ndaona ndi maso anga chimene sindikadakhulupirira ndikadauzidwa. Mwana uyu anauza atsibweni anu kuti atsika kwambiri. Sanapereke moni. Sanawombe m'manja. Kenako anawalanda chiwongolero, alendo aja nkumuwombera m'manja iyeyo. Ine sindikudandaula za ndege. Ndikudandaula za pansi pano. Lero wauza atsibweni a Mfumu kuti atsika kwambiri. Mawa wina adzauza nduna kuti mlatho wake ndi waufupi kuposa mtsinje."

Nduna ya Milatho inayang'ana pansi.

Anakambirana tsiku lonse. Ena anati chiphaso cha ku Kwaeni ching'ambidwe, koma anakumbutsidwa kuti Mkwatibwi akhalanso pabwalo. Ena anati kutsogolo kuzikhala akuluakulu awiri amsinkhu umodzi, koma panapezeka kuti m'dziko lonse mulibe anthu awiri ovomera kuti ndi ofanana. Pomaliza a Mwanenadi anatulutsa nzeru imene anabwera nayo kale m'thumba. Pa ukwati, anatero, mkamwini sauza apongozi ake kuti alakwa, amatuma nkhoswe. Ndipo poti pakati pa mipando iwiri ija, chakumbuyo pang'ono, pali kampando kopinda kamene alendo sanafotokoze bwino ntchito yake, nzachidziwikire kuti amene anapanga ndegeyo ankaganizira za nkhoswe.

Mfumu inagwedeza mutu, ndipo mlembi analemba kuti yavomera. Ena amati inali kuingitsa ntchentche, koma amanenera kunyumba kwawo.

Lamulo la Ulemu wa Mumlengalenga linatuluka ndi ndime zisanu ndi ziwiri. Wachiwiri akaona cholakwika awombe m'manja katatu, auze nkhoswe. Nkhoswe ipereke moni kwa Kaputeni, ifunse za kunyumba, kenako ifotokoze nkhaniyo mwafanizo kuti Kaputeni azindikire okha. Za kugwada anakangana nthawi yaitali, chifukwa malamba a mipando salola, ndipo anagwirizana kuti kuweramitsa mutu nkokwanira mpaka atapezeka malamba aatali. Ndime yomaliza inali yaifupi: wachiwiri wolankhula modumpha nkhoswe alandidwe chiphaso, osadzakhalanso kutsogolo kwa ndege moyo wake wonse.

Anamufunsa Enelesi ngati anali ndi mawu.

"Pepani, eni dziko," anatero ali chogwada, "ndege imeneyi imathamanga."

"Tikudziwa," anayankha a Mwanenadi. "Nchifukwa chake tasankha munthu waluso."

Munthu waluso uja anali a Zakeyu Mpondamwala, amene kwa zaka makumi awiri anali wolengeza pa maliro a ku nyumba yachifumu, ndipo ankadziwika kuti amatha kunena uthenga woipa popanda aliyense kuzindikira kuti wanenedwa. Chiphaso chawo cha unkhoswe wa m'ndege anachipeza masana amodzi. Powayesa, uthenga woti matayala sanatsike unawatengera mphindi zinayi. Komiti inachotsamo zofunsa ana mmodzimmodzi, zinatsala mphindi zitatu, ndipo onse anakhutira.

Loweruka Enelesi anapita ku msika wa Tiwonezina kukaona mkulu wake Fanesi, amene ankagulitsa kaunjika pafupi ndi ogulitsa mbaula. Nkhani inali itafika kale, monga zimakhalira.

"Zili bwino," anatero bambo wina wosoka nsapato, osadzutsa mutu. "Munthu uzifa aulemu atakuzungulira."

"Paja amati mawu a akuluakulu amakoma akagonera," anatero mayi wa mbaula. "Kaya ndegeyo ili ndi pogonera kumwambako."

Fanesi sanaseke. Anamukokera mng'ono wake kuseri kwa mulu wa majekete.

"Iwe, mwana wa mayi anga, tandimvera. Ungowomba m'manjamo katatu, zikuvuta pati? Unayamba kulota ndege uli mwana wosavala nsapato. M'dziko muno ndege yoyenda ndi imodzi, poti Chigayo anachipumitsa, mpando ndi umodzi. Akakuchotsa upita kuti? Udzakhala pano ndi ine, ndipo iwe kuitana kasitomala sudziwa, umangomuyang'ana ngati wakulakwira."

"Nanga phiri likabwera, achemwali?"

"Phiri silibwera tsiku lililonse. A Mwanenadi ndiwo amabwera tsiku lililonse."

Enelesi anabwerera kunyumba mtima uli wolemera, chifukwa ankadziwa kuti mkulu wake wanena zoona. Mpando umenewo ankaukonda kuposa china chilichonse, ndipo ntchito ina sankaidziwa.

Lolemba a Mwanenadi anamuitanitsa ku ofesi. Anatseka chitseko okha, kusuzumira pawindo, nkutulutsa kapepala kakang'ono kodinda chidindo chachifumu.

"Iyi ndi ndime yachisanu ndi chitatu," anatero motsitsa mawu. "Siyolengeza. Masiku amene Mfumu ikwera ndege, a Zakeyu azipuma kunyumba. Inuyo mukuloledwa mwano wonse wofunikira. Mukaona chilichonse, nenani, kuwani, landani chiwongolerocho, musayang'ane nkhope ya munthu. Mwamva?"

"Nanga masiku enawo, bwana?"

"Masiku enawo mumakwera anthu wamba. Anthu wamba amafunika chitsanzo chabwino."

Chinsinsicho chinafika ku Tiwonezina dzuwa lisanapendeke. Kuyambira sabata imeneyo, anthu akafika pa windo logulira matikiti sankafunsanso nthawi yonyamukira. Ankangoti, "Ya Lachinayi ndi yamwano kapena yaulemu?" Ndege yamwano inkadzaza mpaka ena kubwerera. Wailesi ya ufumu inalengeza kuti chikondi cha anthu pa Mfumu yawo chafika poti safuna kuuluka popanda iyo.

Koma si aliyense angadikire ulendo wa Mfumu. Loweruka lina m'mawa, mwezi wa mvula, Mkwatibwi ananyamuka ulendo waulemu kupita ku bwalo la kumapiri la Mtsikemo. Munali anthu makumi asanu ndi limodzi kudza anayi: amayi a chigwirizano cha mpingo opita ku msonkhano atavala zoyera, amalonda a mbatata, anamwino awiri, ndi banja lina loperekeza mwana wobadwa kumene kwa agogo ake. Pakati pa mipando ya kutsogolo panakhala a Zakeyu, atavala suti yawo yakuda, buku la malamulo lili pamiyendo.

Bwalo la Mtsikemo lili kuseri kwa phiri lotchedwa Sasuntha. Tsikulo mitambo inali itatsika mpaka m'zigwa, mvula ikumenya galasi. Kaputeni Gwedeza anali atatera kumeneko zaka makumi atatu pa Chigayo, ndipo ankadalira maso awo. Anasiya kuyang'ana manambala, nasuzumira kunja kufunafuna msewu wa ndege m'mitambomo, dzanja lawo likutsitsa ndege pang'onopang'ono iwo osadziwa. Ndegeyo inali ndi mawu akeake ochenjeza za mapiri, koma bwalo la nduna linali litawazimitsa poti sankanena chonde.

Enelesi anaona manambala. Anawomba m'manja katatu, kuweramitsa mutu, nati, "A Zakeyu, tatsika kwambiri. Kutsogoloku kuli phiri."

A Zakeyu anakonza tayi, nakhosomola pang'ono. "Zikomo a Kaputeni, zikomo atsibweni a Mfumu. Tati tikuoneni m'mawa uno. Kaya mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka bwino," anatero Kaputeni, maso ali kunja, "kaya inu."

"Ife tadzuka. Kaya mayi kunyumba, mwendo uja?"

Enelesi anawerenga mumtima. Anali ndi masekondi ngati makumi awiri. Anaganiza za chiphaso chimene chinali m'thumba la malaya ake, anaganiza za mulu wa majekete ku Tiwonezina, ndipo anachita mantha kwambiri, mantha a zinthu ziwiri nthawi imodzi.

"Kunali munthu wina kalekale," a Zakeyu anali atafika pa fanizo, "amene poyenda ankakonda kuwerama."

"Tatsika kwambiri," anatero Enelesi, molunjika kwa Kaputeni. "Kwezani."

Kaputeni anatembenuka, kudabwa, ngati munthu wodzutsidwa kutulo. Dzanja lawo silinasunthe.

"Tatsika kwambiri. Kwezani." Sanadikirenso. "Ndege ndatenga."

Anakankha zoonjezera moto mpaka kumapeto, nakoka chiwongolero. Kaputeni anachotsa manja awo nthawi yomweyo. Injini zinabangula, ndege inadzutsa mphuno, buku la a Zakeyu linagwa pansi. Mtambo unang'ambika pang'ono, ndipo onse atatu anaona nsonga ya Sasuntha ikudutsa pansi pa phiko: miyala yonyowa, mitengo ya masuku, ndi mbuzi ziwiri zimene anatha kuona kuti ina inali ndi chingwe m'khosi.

Enelesi anazungulira, kufola bwino ndi msewu wa ndege, natera kachiwiriko mofewa.

Anthu anatsika mvula itachepa. Wamalonda wina anadandaula kuti kuzungulirako kwamuchedwetsa ku msika. Mayi wamkulu wa chigwirizano anagwada pansi pa makwerero, pa simenti yonyowa, nathokoza Kaputeni chifukwa chowaonetsa dera lawo kawiri pa tikiti imodzi. Banja lija linadutsa, mwana ali m'tulo. Enelesi palibe anamuyang'ana, ndipo panalibe chifukwa choti amuyang'anire.

Onse atapita, atatuwo anatsala pansi pa phiko. A Zakeyu anali atatola buku lawo. Analipukuta pa suti yawo.

"Mayi Kamtsitsi," anatero, "mbuzi zija ndaziona. Sindikukana. Ndili ndi ana asanu ndipo madzulo ano andiona. Koma ndime yachisanu ndi chiwiri ilibe mbuzi. Ndikapanda kulemba ine, woyang'anira ndege wa pansanja ya bwalo lino wamva zonse pa wailesi, alemba ndi iyeyo, ndiye tichoka tonse awiri."

Enelesi anatulutsa chiphaso m'thumba. Chinali chisanathe ndi miyezi itatu yomwe, ngodya zake zikadali zakuthwa. Anachipereka ndi manja awiri, monga analeredwa. Chinamuwawa kwambiri, ndipo anadabwa kupeza kuti ngakhale chinkawawa choncho, sankalakalaka kubweza mawu aja.

Kaputeni Gwedeza anavula chipewa chawo. Anayang'ana phiri, anayang'ana antchito a pabwalo amene anaima chapatali akutchera khutu, kenako anatembenukira kwa nkhoswe.

"A Zakeyu," anatero, "muuzeni mwanayu kuti zikomo."

A Zakeyu anatsegula buku. Anawerenga ndime zonse zisanu ndi ziwiri chala chili pamzere, anabwerera poyamba, anayang'ananso kuchikuto ngati kunalembedwa kanthu.

"Pepani a Kaputeni," anatero pomaliza. "Njira imene anakonza ndi yochokera pansi kupita pamwamba. Yotsitsira mawu amenewo sanaikemo. Ndikafunsa ku bwalo la nduna likadzakumana."

Enelesi anali atamva, pakuti anaima pafupi, koma mwalamulo mawuwo sanafike. Anawerama kwa Kaputeni, anawerama kwa nkhoswe, anatenga chikwama chake, nkupita kukafunsa mayi wosesa pakhomo la bwalolo kumene anthu amakwerera basi ya ku Mwakhoza.